Kaundula wa ndalama za magetsi a m'nyumba yathu ya ku Machinjiri

Ntchito: kulowetsa magetsi m'khitchini yatsopano ndi zipinda ziwiri zimene tinawonjezera kuseri.

Zimene analandira wamagetsi woyamba

Chikole: K250,000.

Za zipangizo, zoti akagule yekha ku Limbe: K900,000. Malisiti anati abweretsa. Sanabwere nawo.

Zotsala, tsiku limene mababu anayaka: K150,000.

Zonse: K1,300,000.

Zimene zinawonongeka titalowa

Ketulo, pamodzi ndi soketi imene inasungunuka n'kudetsa khoma: K45,000.

Kukonzetsa filiji: K180,000. Magetsi a pasoketi yake ankangothimathima pamene kwa aneba akuyaka bwinobwino. Wokonza anati chapha injini ndi chimenecho.

Nyama ndi chambo zimene zinali m'filijimo: K38,000.

Makala matumba awiri, titaleka kuyatsa kuka: K60,000.

Mayunitsi oimbira wamagetsi uja: K5,000. Poyamba ankati ali kumaliro, kenako foni inangosiya kupezeka.

Kuchipatala: K25,000. Mwana wathu wamkazi anagwira chitsulo cha kuka manja ali onyowa, magetsi n'kumugwira mpaka kugwa pansi. Adokotala anamuyeza n'kunena kuti ali bwino. Ndalemba ya chipatala yokha. Mpaka lero akatumidwa kukhitchini amaima pakhomo n'kuitana mayi ake.

Zonse: K353,000.

Zimene tinalipira pokonzanso

Kuyendera nyumba yonse, wamagetsi wachiwiri: K60,000. Ameneyu asanatsegule n'chikwama chomwe anationetsa chiphaso chake cha MERA, bungwe limene limapereka zilolezo kwa olowetsa magetsi m'nyumba. Anakwera kusiling'i, anatsegula masoketi onse, anatuluka ali ndi fumbi mpaka m'tsitsi n'kunena kuti, "Bambo, usiku uno musayatse kalikonse kuseriku." Zimene anapeza ndazilemba monga anazinenera.

Kuka amafuna waya wa 6mm. Wathu anamukokera wa 2.5mm. Masoketi amafuna 2.5mm, koma anawaikira 1.5mm, wa mababu. Pa waya woonda chonchi panali bleka ya 32 amp. Ntchito ya bleka n'kudula magetsi waya asanatenthe, ndiye bleka ikakula kuposa waya, wayayo amapsa m'khoma iyo ili chete. Ili si vuto la umphawi wa zipangizo ayi. Munthu amene anagwirapo ntchito ya magetsi amazidziwa zimenezi, ndipo amene sazidziwa sayenera kulandira chikole cha munthu.

Waya wa earth unalipo pasoketi iliyonse, wooneka bwino. Atausolola anapeza kuti ukuthera m'khoma momwemo. Panja panalibe chitsulo chokhomedwa m'nthaka, ndipo m'bokosi la mableka munalibe earth leakage ya 30mA, imene ikanadula magetsi nthawi yomweyo mwana atagwira kuka. Anapala waya wina ndi mpeni: kunja kofiirira ngati kopa, m'kati moyera. Unali wa aluminiyamu wokutidwa. Kusiling'i mawaya anangowapota n'kukulunga tepi, popanda kabokosi, atagona pamatabwa ouma. M'makoma ambiri munalibe mapaipi, waya anangomatidwa ndi pulasitala.

Mawaya atsopano, ogula ndekha, wamagetsi ali pambali panga: K720,000. Pakati pa ntchito ziwirizi, mu November 2023, kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya m'mahadiweya inakwera nayo.

Mapaipi ndi timabokosi: K110,000.

Mableka oyenera ndi earth leakage: K165,000.

Chitsulo cha earth ndi waya wake: K40,000.

Malipiro a wamagetsi wachiwiri: K450,000. Anayeza mzere uliwonse ndi makina ine ndikuona, ndipo analemba pabokosi kuti bleka iyi ndi ya chipinda chiti.

Simenti matumba 4: K90,000. Makoma amene tinapenta kale anagobedwa mizere kuchokera pamwamba mpaka pansi kuti mapaipi alowe.

Mchenga ndi mmisiri womata: K120,000.

Penti: K95,000. Mtundu wake sunafanane ndendende ndi woyamba, mizere ikuonekabe masana.

Zonse: K1,850,000.

Kumene ndalama zinachokera

Zambiri zinali za matailosi a m'khitchini. Zina ndi ngongole ya K600,000 imene mayi a ana anatenga kubanki mkhonde. Chiwongoladzanja chake: K120,000.

Zobwezedwa

Mkulu wina wa kutchalitchi amene anatilozera wamagetsi woyamba anamupeza, tinakhala pansi atatu. Wamagetsiyo anakana zoti ankadziwa kuti waya unali wachinyengo, anati anamunamiza ndi a sitolo. Za earth sanayankhe. Analonjeza kubweza K400,000 ya ntchito yake pang'onopang'ono. Zimene zalowa pafoni: K50,000. Ndamva kuti akugwira ntchito panyumba ina ku Chirimba, ndipo eni ake ndawatumizira uthenga kudzera kwa mkulu yemweyo kuti asamate pulasitala asanaone mawaya ndi maso awo.

Zonse zotuluka: K3,623,000. Kuchotsapo zobwezedwa: K3,573,000.

Zotsala

Chipinda cha anyamata sichinakonzedwe. Bleka yake ndi yotsitsa ndipo tamatapo tepi. Mtengo umene watiuza wamagetsi wachiwiri: K210,000. Tagwirizana kuti abwere ngongole ya kubanki mkhonde ikatha.