Ka Fit pa jeke ku Biwi

Loweruka m'mawa ku Biwi nyundo zimayamba kulira dzuwa lisanakwere. Imani apa pafupi ndi mulu wa matayala akutha, muone ka Honda Fit kasiliva kakulowa, kakukwera bampu chammbali ngati munthu wovala nsapato zatsopano m'matope. Mwatsika anthu asanu: bambo wa malaya oyera, mkazi wake, ana awiri ndi agogo aakazi amene akukonza duku lawo asanaponde pansi.

"Biggie, mwabwera nako kamwana?" akutero makaniko, uku akupukuta manja pa ovolosi.

"Kakugunda pansi, amwene. Loweruka likubwerali tili ndi chinkhoswe ku Ntcheu, ndiye msewu wochoka pa tala kulowa kumudzi mukuudziwa."

Makaniko sakuyankha msanga. Wagwada, tsaya lafika pafupi ndi dothi, wasuzumira kunsi. Kenaka wadzuka, wakanikiza kumbuyo ndi manja awiri n'kusiya. Galimoto yanjanja kangapo isanakhazikike.

"Mashoko awa anatopa. Mumanyamula chiyani?"

"Ana basi."

"Ana basi?" mayi aja afunsa, dzanja lili m'chiuno. "Nanga matumba a chimanga aja anayenda okha kuchokera ku Mitundu? Muuzeni zoona munthuyu, bambo a ana, akuthandizeni bwino."

Anyamata onse a pagalaja aseka. Bambo aja nawonso aseka, n'kutsegula buti kuti aonetse mmene amagonekera mipando yakumbuyo mpaka pakhale pathyathyathya. Akuchita izi monyadira, akusisita nsalu ya mpando ndi chikhatho. Makaniko wagogoda kunsi ndi sipanala, pansi pa mpando wa dalaivala. "Malo onsewo mumawapeza chifukwa thanki ya ka Fit anaiika apa, pamene mumakhala inu. Ndiye mukamva mwala ukukhula pamenepa, imani, mutsitse anthu." Bambo aja agwedeza mutu, ndipo nkhope yasintha pang'ono.

Timagalimoto timeneti, Fit, Vitz, Passo, Demio ndi Note, tadzaza m'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, ndipo pafupifupi tonse tinayamba moyo ku Japan. Kumeneko galimoto yatsopano imayesedwa ikatha zaka 3, kenaka zaka 2 zilizonse, ndipo kuyesako kumadya ndalama, choncho ambiri amaigulitsa ikadali yolimba. Iwo amayenda kumanzere ngati ife, chiwongolero chili kumanja, ndiye ikafika kuno sisowa kusintha. Imatsika pa doko la Dar es Salaam, n'kuyendetsedwa mpaka pa chipata cha Songwe, kumene msonkho wa MRA umatengera zaka zake ndi kukula kwa injini. Ndiye chifukwa chake mphunzitsi kapena namwino amene wasunga ndalama kwa zaka amathamangira ka injini ya 1300cc. Kuchoka apo ndi Karonga, chitunda cha Chiweta, Mzuzu, mpaka kafike pakhomo pamene ana akudikira panja.

Ine chimandikhudza n'chakuti galimoto imene inapangidwira banja limodzi laling'ono, ikafika kuno imakhala ya mtundu wonse. Mlamu akadwala usiku, foni imalira kwa mwini Fit. Maliro akagwa, ukwati ukayandikira, mwana wa achemwali akamapita ku sekondale ndi matilesi ake, ndi komweko. Mwini wake sakana. Amangowerengera malita m'mutu, n'kukumbukira COF ndi inshuwalansi zimene zikutha mwezi wamawa, n'kunena kuti, "Ndikubwera." Bambo wa malaya oyerayu mukamuona akuzungulira galimoto yake, akuchotsa kathope pa nyali ndi chala, dziwani kuti akusamala chinthu chimene anthu ambiri akuchidalira, ena mwa iwo osadziwa n'komwe mtengo wa tayala limodzi.

Taonani kamtsikana, mmodzi wa ana awiri aja. Kakhala pa mpando wa dalaivala, bambo ake atembenuza kiyi kuti makaniko amve injini, ndipo mawu a mzimayi amveka kuchokera pa kabokosi kapansi pa chiwongolero, akulankhula Chijapanizi. Ndi kachipangizo kolipirira misewu ya ku Japan, kakufunsabe khadi lake. Mwanayo wayankha molimba mtima, "Tadzuka bwino, kaya inu!"

"Tsiku lililonse amapatsana moni," atero agogo, ali pa benchi pamthunzi. "Ndamuuza bambo akeyu kuti asamuchotse mayiyo."

Mnyamata wina wogulitsa zipangizo wamva mwayi. Wayandikira, wanong'oneza kuti wailesi za ku Japan zimalekera pa 90, pamene nyumba zambiri zoulutsira mawu kuno zili pamwamba pake, ndiye ali ndi kachipangizo kokonza vutolo. "Mpira wa Bullets ndi Manoma muzimva bhobho, madala." Bambo aja ayang'ana mkazi wawo. Mayi ayang'ana kachikwama kali m'khwapa, n'kupukusa mutu kamodzi. Nkhani yathera pomwepo, mnyamata wabwerera mwaulemu.

Mtengo wa mashoko ndiwo watenga nthawi. Makaniko walemba nambala pa fumbi la galasi lakumbuyo. Mayi afufuta ndi chala, alemba yawo. Makaniko wagwira kumutu, waitana mnzake kuti adzaone, wafufuta, walemba ina yapakati. Bambo aima patali pang'ono, manja kumbuyo, akudziwa bwino amene amatha ntchito imeneyi m'nyumba mwawo.

"Chabwino, mayi, mwandipha koma ndipanga. Mfana, bweretsa jeke!"

Ka Fit kayamba kukwera, tayala lachoka pansi. Agogo akodola makaniko ndi dzanja.

"Mwanawe, ukamaliza pamenepo, kodi dengu la nkhuku ndi mtolo wa nkhuni zikwana kumbuyoko?"

"Zikwana, agogo. Koma a malume muwauze akwere minibasi."