Fodya wa pachala wafika pa intaneti

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Ankanena za agogo aja amene amatsina fodya wopera m'kabotolo, n'kuyamba kaye nkhani ya maliro a chaka chatha fodyayo ali pachala, mpaka kamphepo kadutsa. Mwambiwu unayenera kupachikidwa pakhomo pa aliyense amene akuti akupha makwacha pogawa malinki pa intaneti.

Ntchitoyi amaitcha affiliate marketing, ndipo pakamwa ndi yophweka. Kampani imakupatsa linki yakoyako, iwe n'kuiika pa Facebook kapena pa TikTok. Munthu akadina n'kugula katundu, umalandira komishoni. Sunyamula katoni, sulipira lendi ya shopu. Anyamata a pa YouTube, atatsamira galimoto yomwe mwini wake sitimudziwa, amatiuza kuti ndalama zimalowa iwe ukuliza mkonono.

Tiyeni tiyeze mtunda wochoka pachala kukafika pamphuno. Amazon, imene inayamba dongosolo lake la malinki mu 1996, imakupatsa maola 24 okha kuchokera pomwe munthu wadina linki yako. Akati ayambe wafunsa mayi a kunyumba, n'kudzagula mkuja, fodya wapita. Akadina linki ya mnzako asanalipire, komishoni ndi ya mnzakoyo, ngakhale kuti amene unachezera usiku kufotokoza ubwino wa ketulo ndiwe. Usaganizenso zopempha achibale kuti akugulire, chifukwa malamulo ake sawerengera zogula zako, za abale kapena za anzako. Ndipo pakatha masiku 180 usanagulitse katatu, akaunti amaitseka.

Tinene kuti mwayi wakugwera, mlendo wina ku Texas wagula mpando wa madola 100. Kale ukanapeza madola 8. Mu April 2020, anthu atatsekeredwa m'nyumba ndi Covid-19 ndipo akugula pa intaneti mosaumira, Amazon inatsitsa komishoni ya mipando ndi zina zotero kufika pa 3 peresenti, ya zakudya kuchoka pa 5 kufika pa 1. Ndiye kuti pa zakudya, anthu ayenera kudya za madola 1,000 kuti iwe ukwanitse madola 10, omwe ndi ochepetsetsa amene kampaniyo imalola kutumiza ku banki.

Apa m'pamene mwambi uja umaluma. Madola atatu a pa mpando uja amaoneka pafoni, olembedwa bwinobwino, ndipo munthu amayamba kuwawerengera zochita. Koma zomwe wagulitsa mu January zimalipidwa chakumapeto kwa March. Pakatipa mlendo wa ku Texas uja atha kuona kuti mpando sukugwirizana ndi makatani, n'kuubweza. Komishoni imabwerera limodzi ndi mpando, osatsanzika n'komwe. Bandulo imene unathera pokopa anthu siibwerera.

Mphepo inanso imaomba chala chitatsala pang'ono kugunda mphuno. Mu December 2024, munthu wina wa pa YouTube wotchedwa MegaLag anadzudzula Honey, kachida ka PayPal kofufuzira makuponi, kuti pa nthawi yolipira kamachotsa chizindikiro cha amene anabweretsa kasitomala n'kuikapo chake. Nkhaniyi inakafika kukhoti ku America. Chopweteka n'chakuti ambiri mwa olirawo ndi omwe ankalipidwa kuti atsatse Honey yemweyo.

Sindikuti palibe amene amadya nazo. Alipo, koma kawirikawiri ndi amene anatha zaka akusonkhanitsa anthu owakhulupirira, ndipo akati ketulo iyi ndi yabwino, anthu masauzande amadina tsiku lomwelo. Wongoyamba kumene amakhala ndi omutsatira 300, theka lawo ndi a kutchalitchi, ndipo amene amadina ndi azakhali basi, nawonso mwangozi.

Mnyamata wotsamira galimoto uja mwambiwu amaudziwa bwino kuposa tonsefe. Iye amagulitsa maphunziro a momwe mungalemerere ndi malinki, ndipo sadikira mpaka March. Amafuna mulipiretu lero, pa Mpamba kapena Airtel Money, mutumizenso skirinishoti.