Kusiyanitsa Mphaka Wachizungu ndi Wachikuda ku Dar es Salaam

Amphaka aubweya wautali a mumzinda wa Dar es Salaam ali m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la amphaka a mtundu weniweni, amene makolo awo analembedwa m'kaundula. Gulu lachiwiri ndi la amphaka amene eni ake amati ndi a mtundu weniweni. Gulu lachiwirili ndilo lalikulu. Limapezeka ku Masaki, Oysterbay, Mikocheni ndi Mbezi Beach, ndipo linafika kale ku Sinza, kumene mphaka wotere amagona pasofa alendo atakhala pamipando yapulasitiki.

Umboni woyamba umene eni ake amapereka ndi ubweya, koma ndiwo umboni wofooka kuposa wina uliwonse. Kutalika kwa ubweya kumachokera ku kachidutswa ka chibadwa kamene akatswiri amakatchula FGF5, ndipo kamaonekera pokhapokha mwana akakalandira kwa bambo ndi mayi omwe. Amphaka awiri aubweya waufupi amene anakabisa m'thupi amatha kubereka mwana wanyankhalala, pafupifupi mmodzi mwa ana anayi alionse. Choncho mphaka amene amapemphetsa matumbo a nsomba pamsika wa Kivukoni akhoza kubereka mwana amene sabata zisanu ndi zitatu zikatha adzajambulidwa pa Instagram atavala riboni, dzina lake ali Princess. Mwambi woti make mbuu mwana mbuu sugwira ntchito pankhani imeneyi.

Umboni wachiwiri ndi kaumbidwe ka thupi, ndipo uwu uli ndi nzeruko pang'ono. Mphaka wa mtundu wa Persian ali ndi mutu wobulungira, makutu aang'ono, miyendo yaifupi yonenepa ndi mphuno yophwatalala. Mphunoyo imamuchititsa manthongo ndi mkonono, zinthu zimene mwa galu wam'mudzi zimatchedwa matenda koma mwa mphaka wa ku Masaki zimatchedwa ulemerero. Maine Coon, wochokera ku Maine m'dziko la America, ndi chimphaka chachikulu chachibwano chotakata, chokhala ndi timaubweya tosongoka kunsonga za makutu. Turkish Angora, wa ku Ankara, ndi wowonda ndi wamiyendo yaitali. Ragdoll, amene anayamba kuwetedwa ku California m'zaka za m'ma 1960, ali ndi maso abuluu. Mphaka wamba wa ku Dar es Salaam kawirikawiri amakhala ndi mchira wa uyu, makutu a uyo, ndi nkhope ya mphaka wa kwa aneba. Komabe onsewa amatchedwa Persian, popeza ndilo dzina limene ogula amalidziwa.

Umboni wokhawo wodalirika ndi chikalata cha mbiri ya makolo, chimene chimatchula bambo, mayi, agogo ndi agogo a agogowo, chochokera ku bungwe losunga kaundula wa amphaka. Mwambo umenewu si wakale kwenikweni. Chionetsero chachikulu choyamba cha amphaka chinachitikira ku Crystal Palace mumzinda wa London mu 1871. Bungwe la CFA linakhazikitsidwa ku America mu 1906, la GCCF ku Britain mu 1910, ndipo la TICA mu 1979. Kuyeza DNA kumathandiza kudziwa matenda akumtundu, monga nthenda ya impso imene imavutitsa amphaka a Persian, koma sikupatsa mphaka makolo amene sanalembedwe. Ku Dar es Salaam, munthu akafunsa makalata amamutulutsira kabuku ka katemera wa chiwewe, kodindidwa bwino ndi dokotala wa ziweto. Kabukuka kamatsimikiza kuti mphaka anabayidwa jekeseni. Za agogo ake sikanenapo kanthu.

Wogulitsa, amene nthawi zambiri ndi dalali yemweyo wopezera anthu nyumba ndi magalimoto, ali ndi mayankho atatu okhazikika. Loyamba ndi lakuti mayi wa mphakayo anabwera pandege kuchokera ku Dubai. Lachiwiri ndi lakuti bambo ake ndi a mzungu wina wa kuofesi ya kazembe amene anasamuka mwezi watha. Lachitatu ndi lakuti makalata akubwera mawa. Pa nkhani ya bamboyo pafunika kudziwa kuti mphaka wamkazi amatenga bere la masiku pafupifupi 65, ndipo ana obadwa tsiku limodzi akhoza kukhala ndi abambo osiyanasiyana. Mpanda wa magetsi umaletsa akuba, koma sunaletsepo mphaka wamphongo wodutsa pamtengo wa mango usiku.

Amene amadziwa zoona za mphaka aliyense ndi wantchito wapakhomo, ndipo ena mwa ogwira ntchito zam'nyumba ndi zam'maluwa mumzindawu ndi Amalawi. Iyeyu anakula akudziwa kuti mphaka ntchito yake ndi makoswe, ndipo kuti mphaka wolira padenga usiku nkhani yake imakathera kwa mfumu. Lero amapesa mphaka m'mawa uliwonse, kumuchotsa manthongo ndi thonje, ndi kumuyatsira fani, pakuti ubweya woyenera mayiko achisanu sugwirizana ndi chitungu cha m'mbali mwa nyanja ya mchere. Amaonanso zimene adona saona: kuti Princess amanunkhiza chakudya cham'chitini cha ku supamaketi n'kuchisiya, kenako n'kuzembera kukhitchini kukaba usipa wa antchito. Akafunsidwa amayankha kuti, "Wadya bwinobwino, Mama," ndipo sanama.

Kuba usipako si umboni wa mtundu, popeza ngakhale Persian wamakalata amaba. Amphaka onse oweta padziko lapansi anachokera kwa vumbwe wa ku Africa ndi ku Middle East, amene anayandikira nkhokwe za alimi oyambirira potsata mbewa, ndipo ochuluka kwambiri mwa iwo alibe mtundu uliwonse wolembedwa.

Mlendo wofika pakhomo pamene pali mphaka wotere ali ndi malamulo ake. Sanena kuti "Chona, choka!" Safunsa ngati amagwira makoswe. Satchula kuti kwawo ku Karonga kuli wina wofanana naye amene anapatsidwa ulere. Amafunsa dzina, amadabwa ndi mtengo wake mokweza mawu, ndipo ubweya womatirira pathalauza amakausasa atatuluka pageti. Chimene chikuyesedwa pamacheza otere si magazi a mphaka koma thumba la mwini wake, ndipo mlendo wotsutsa mphaka watsutsa banja lonse.

Lamulo lake n'lalifupi. Mphaka wokhala ndi chikalata cha makolo chochokera ku bungwe lodziwika ndi wa mtundu weniweni. Wopanda chikalatacho ndi wachikuda waubweya wautali, ngakhale atagulidwa ndi madola. Onse awiri amafunika katemera, chipeso, mthunzi ndi madzi akumwa, ndipo wachikudayo kawirikawiri ndiye savutika kupuma.