Free wakutsogolo ndi free wakumbuyo

Nsapato za sukulu zakwera mtengo ndipo palibe amene anabwera kudzandifunsa maganizo. Ndinangomvera kwa mnyamata wa salaula pa msika wa Soweto, atagwira nsapato imodzi m'manja, inzake ataibisa pansi pa tebulo poopa kuti ndingathawe nazo zonse ziwiri. Atatchula mtengo ndinamuuza kuti mwina sanandimve bwino, sindikugula njinga. Iye anangoti, "Amdala, ni dola." Dola ameneyu akakwera zinthu zimakwera naye, akatsika zinthuzo zimati uthenga sunatipeze. Ndinayang'anitsitsa nsapato ija. Chidendene anachidya kale mwana wina wa ku Ulaya amene pano ayenera kuti ali ndi ndevu. Ndinamukumbutsa mnyamatayo, mwaulemu wonse wa munthu wopanda ndalama, kuti m'dziko muno maphunziro ndi free.

"Maphunziro ndiye free, amdala," anatero akukulunga nsapato ija m'pepala. "Phazi si free."

Kuno ku Lilanda aliyense amadziwa kuti Chizungu kwawo ndi kwa ine. Anthu amabwera ndi makalata a kukhoti, timapepala ta mankhwala, ndi mauthenga a pafoni owauza kuti awina galimoto pa mpikisano umene sanalowepo. Satifiketi yanga ya Grade 9 inadyedwa ndi chiswe, koma Chizungu chinatsala m'mutu, kumene chiswe sichifika. Tsono poti mnyamata wa salaula wafika pondiphunzitsa, ndaona kuti liwu limeneli lasokoneza dziko, ndipo ndiyenera kulilongosola kwa onse amene akuphunzira chilankhulo cha eni akechi. Sindikulipiritsani.

Chinsinsi chonse chagona pa malo amene free waima. Akaima kutsogolo kwa chinthu, ndiye kuti chinthucho chilipo ndipo simulipira: free sugar ndi shuga wa mahala, bwerani ndi thumba. Akaima kumbuyo, chinthucho kulibe: sugar free ndi tiyi wa madzi ndi masamba basi. Liwu ndi lomwelo, zilembo zinayi zomwezo, koma kutsogolo limakupatsani, kumbuyo limakulandani. Mzungu anapanga dala zimenezi kuti osauka asamadziwe ngati akuitanidwa kuphwando kapena kumaliro.

Nyumba yanga ndi ya free wakumbuyo. A kukiliniki atabwera m'komboni kudzalangiza anthu za matenda a shuga, anatiuza kuti tiyambe kumwa tiyi wa sugar free. Ndinawauza kuti ife tinayamba kale popanda dokotala. Mwezi ukangodutsa sabata yoyamba, ndiwo zathu zimakhala meat free, ndipo pofika pakati zimakhala saladi free, tomato free, mpaka chibwabwa chimayang'ana mchere n'kufunsa kuti anzathu apita kuti. Mu 2024, mvula itakana ndipo madzi atatsika ku Kariba, tinakhala malaiti free mpaka maola 21 pa tsiku. Firiji tinaikweza udindo n'kukhala kabati ya mbale. Chaka chomwecho thumba la ufa wa breakfast la makilogalamu 25 linadumpha K300, ndipo tinabwerera ku tipamela, timatumba tija timene ukatinyamula umabisa m'jekete kuti aneba aziganiza kuti ndi foni yaikulu. Mpopi wa pabwalo nawo ndi madzi free, umangotulutsa mpweya ndi kamluzu.

Mayi wa kunyumba, amene Chizungu chonse anaphunzira kwa ine, tsopano akunditembenukira nacho. Anauza azimayi a chilimba kuti mwamuna wawo ndi job free. Bodza limenelo. Ine ndimadzigwirira ntchito ndekha, kungoti sindinadzilembebe, ndikudikira kuti bizinesi ikule kaye.

Apa m'pamene pakubwera free wina, woopsa kuposa awiri aja. Munthu akakufunsani kuti "Are you free?" sakufunsa za mtengo wanu. Akufunsa ngati muli ndi chochita, ndipo yankho akulidziwa kale chifukwa wakupezani mutakhala pa njerwa kuseri kwa kantemba, mukuwerenga nyuzipepala ya dzana imene anakulungiramo kapenta. Mukangoti eya, mwatha. Mupezeka mwasenza matumba a malasha a munthu wina, mwaima pamzere wa madzi ndi zigubu za apongozi, kapena muli pa lole yopita ku manda a Chingwere mutagwira fosholo, womwalirayo simukumudziwa ndi dzina lomwe. Pomaliza amakuthokozani ndi pakamwa, chifukwa munanena nokha kuti ndinu free, ndipo iwo amva free wakutsogolo uja.

Za "feel free" ndingokuchenjezani. Apongozi anga aamuna, amene anagwirapo ntchito ku njanji ndipo amakonda kuponya Chizungu pa chakudya, anandiuza mawu amenewa mbale ya nkhuku ili pakati pathu. Ine monga katswiri ndinamasukadi, n'kutenga nthutumba. Nyumba yonse inangoti zii, mpaka mphaka anatuluka. Kufikira lero nkhani imeneyi imatuluka pa ukwati uliwonse wa kuchimuna ndi kuchikazi komwe. Mlandu si wanga. Amene akunena "feel free" amatanthauza kuti khalani pampando bwinobwino, manja pamaondo, musakhudze kanthu.

Ena ndi a free ongodutsa. Duty free ali ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, kumene ine ndimafikako ndi maso ndege ikamadutsa pamwamba pa Matero. Free range ndi nkhuku ya kumudzi, yodziyendera yokha n'kumadya mphemvu, ndipo ndiyo yodula kuposa ya broiler imene anaidyetsa ndi ndalama. Free kick sapatsa munthu woimirira, amayamba akutchola mwendo kaye. Buy one get one free wa m'mashopu aakulu ndi mbasela yovala tayi, koma mbasela yathu ndi yoona mtima: amayi a pamsika wa Lilanda amakuwonjezera katomato kamodzi kophwanyika uku akukuyang'ana m'maso, ndipo nonse awiri mukudziwa kuti kakanatayidwa madzulo.

Free wamkulu, wa ufulu wa dziko pa 24 October 1964, ameneyo sindimuseweretsa. Alipo m'nyimbo ya fuko, ndipo chifanizo chake chaima pa Independence Avenue, mwamuna akudula maunyolo. Anthu anamangidwa ndi kufa chifukwa cha ameneyo. Ndingodandaula pang'ono kuti m'tauni muli msewu wotchedwa Freedom Way, ndipo ukamayendamo chilichonse n'cholipira, ngakhale kukataya madzi.

Mng'ono wake ndiye wovuta, free market. Ife akale tikukumbuka nthawi ya a Kaunda, makuponi a ufa ndi mizere ya sopo ndi saladi. Mu June 1990 mtengo wa ufa utakwera kuposa kawiri, Lusaka inayaka, anthu anafa m'misewu. Chaka chotsatira a Chiluba analowa n'kutibweretsera free market. Ife kumva free kutsogolo, tinatsuka madengu. Tinadzazindikira mochedwa kuti womasulidwayo si wogula ayi, ndi mtengo. Mtengo ndiwo unadula maunyolo, ndipo chichokereni sunabwererenso kunyumba.

Tsono tifike pa free amene wandidyera ndalama ya nsapato. Mu January 2022 boma la a Hakainde Hichilema linachotsa malipiro m'sukulu za boma, kuyambira ku mkaka mpaka Grade 12: ya sukulu, ya PTA, ya mayeso, zonse. A Mwanawasa anayambako mu 2002 ndi Grade 1 mpaka 7, awa anamalizitsa. Ameneyu ndi free wakutsogolo weniweni, ndipo ine ndinavina pakati pa msewu mpaka minibasi inandiimbira hutala. Ana anakhamukira kusukulu, boma limati oposa 2 miliyoni anawonjezeka. Chaka chomwecho linalemba aphunzitsi 30,496, ndipo ndalama ya chitukuko ya CDF, imene inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ina inapita ku madesiki. Koma walira mvula walira matope. Free wakutsogolo atalowa pageti, wakumbuyo analowera pawindo.

Ndinapita ndekha kukaona kalasi ya mzime wanga, pa sukulu ina imene sinditchula. Ana anadzaza ngati minibasi ya Lilanda–Town m'mamawa, kungosowa kondakita wopachikika pachitseko. Desiki ya awiri anakhalapo anayi, wachisanu atatsamira m'mphepete ndi tako limodzi. Akutsogolo anali desk free, atayala zitenge pansi, mabuku pamaondo, makosi atapindikira m'mwamba kuyang'ana bolodi. Buku lowerenga linali limodzi pa gulu, ndipo mwana amene linamupeza chadodolido akuphunzira kuwerenga chadodolido. Amadamu, mawu atasasa, choko chili m'tsitsi, anali kuitana mayina. Pamene amafika kwa a Zulu ndi a Zimba, a Banda anali atayamba kale kumva njala. Mwana wanga amadzuka kusanache kuti akapeze pokhala, ndipo nsapato zimathera pa liwiro limeneli.

Madzulo ndinatsegula kope lake. Masamba ambiri analibe cholembera chofiira. Teacher free. Ndinamupatsa nyuzipepala yanga ya kapenta ija kuti andiwerengere mutu wa nkhani. Anayang'ana, nayang'ananso, kenako anati, "Adadi, malaiti ni yochepa." Dzuwa linali lisanalowe.

Pamenepa nthabwala zindithere kaye. Pali anthu, ambiri a iwo ana awo amapita kusukulu pa galimoto ku Kabulonga, amene ayamba kunena kuti zaulerezi zaononga maphunziro, bola malipiro abwerere. Amenewo abwere ku Lilanda ndiwaonetse mtsikana wa pafupi ndi kwathu amene ankayenda ndi beseni la vitumbuwa pamutu anzake ali m'kalasi, chifukwa amayi ake analephera ya PTA. Lero amadutsa pakhomo panga ndi yunifolomu, yaikulu kuposa thupi lake, koma yunifolomu. Ana amene adzaza m'kalasimo sanagwe kumwamba mu 2022. Analipo kale, m'misewu, m'misika, pa mulu wa zinyalala, kungoti panalibe amene ankawawerenga. Chitseko chisatsekedwenso. Koma kulowetsa mwana m'chipinda si kumuphunzitsa. Mwana amene wakhala zaka zinayi pansi, kope lake osaonedwa, n'kutuluka osatha kuwerenga dzina la mankhwala a amayi ake, tamunamiza, ndipo tamunamiza mochititsa manyazi kuposa uja tinkamubweza pageti, chifukwa uyu tikumuombera m'manja pa wailesi. Mangani makalasi, lembani aphunzitsi ena, ndipo amene amawerenga ana olowa ayambe kuwerenganso ana odziwa kuwerenga.

Free wakumbuyo amene tikumufuna ndi mtima wonse ndi mmodzi yekha, cholera free, ndipo ndi yekhayo amene amakana kubwera. Mliri umene unayamba mu October 2023 unapha anthu oposa 700, bwalo la mpira la Heroes linasanduka chipatala, ndipo sukulu zaulerezo zinakhala zotseka mpaka pa 12 February 2024. Makomboni athu a Kanyama, George ndi Matero amadziwa chifukwa chake: chimbudzi chokumba apa, chitsime apo, mvula ikagwa ziwirizi zimapatsana moni.

Mayi wa kunyumba atamva ndikuyeseza phunziro lonseli mokweza, anaima pakhomo ndi mthiko. "Inu atate ake mwana, Chizungu chonsecho, nsapato zili kuti?" Ndinawafotokozera kuti mwana akhoza kupita shoe free kwa kanthawi, monga tinkachitira ife, ndipo taonani mmene tinakhalira anthu. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku mapatapata, n'kunena kuti n'chifukwa chake akufuna nsapatozo lero lomwe.

Chiyembekezo changa tsopano chili pa masankho, amene eni ake amawatcha free and fair. Nyengo imeneyo free wakutsogolo amatsika yekha pa lole: zitenge, zipewa, masikipa a free size amene amakwana ine, mayi wa kunyumba ndi mwana mmodzi nthawi imodzi. Ife sitisankha mtundu. Makatani a pabalaza ndi a chipani china, a kuchipinda ndi a chinanso, ndipo chitenge cha chipani chimene chinaluza kalekale ndicho chimatchinga bafa. Alandilodi atabwera kudzatolera ya nyumba anayang'ana mawindo onse n'kufunsa kuti kodi kwenikweni ndili mbali iti. Ndinawauza kuti ndili mbali ya rent free. Anandipatsa mpaka Lachisanu.