Matamando a Range Rover Yogwada

Range Rover yokalamba imanenedwa zoipa zambiri, makamaka ya mtundu wa L322, imene inkapangidwa ku Solihull m'dziko la England ndipo inali pamsika kuyambira 2002 mpaka 2012. Masiku ano imatipeza kuno kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe, itatopa kale ndi misewu ya eni ake. Anthu amati ndi dzenje lotayamo ndalama, amati imadziwa galaja kuposa msewu. Zonsezi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake iyenera kuwomberedwa m'manja. Padziko lino anthu andalama ali ndi njira zambirimbiri zozembera msonkho, koma galimoto imeneyi ndi wokhometsa msonkho amene sanyengereka, salandira kangachepe, ndipo alibe nazo ntchito kuti mwini wake ndi mlamu wa ndani. Msonkho umene imatolera ndi wa matama, ndipo ndalama yake siyendayenda m'maofesi: imachoka m'thumba la wofuna kuoneka n'kugwera m'manja mwa munthu wa ovolosi yakuda ndi oyilo.

Nzeru zake zimayambira pa mtengo. Ili yatsopano inali galimoto ya akuluakulu a makampani, ndipo ngakhale Mfumukazi Elizabeth II ankaiyendetsa. Lero kawirikawiri imagulidwa motchipa kuposa Hilux ya zaka zofanana nayo, moti munthu amene bizinesi yangomuyendera miyezi ingapo amatha kukhala pampando wachikopa n'kumayang'anira anzake pansi. Chimene sauzidwa n'chakuti mtengo wa galimoto ndiwo unatsika, koma masipeya ake sanaiwale kumene anabadwira. Choncho imalola aliyense kulowa, kenako imafufuza mofatsa ngati wolowayo alidi ndi ndalama kapena anangobwereka maonekedwe.

Kafukufukuyu amachitikira pansi, pamene galimoto zina zili ndi masipuling'i achitsulo. Kuyambira 1992 Range Rover zapamwamba zimakhala pa mpweya. Pa tayala lililonse pali thumba la mphira, m'buti pamalo a tayala la sipeya muli kompulesa, ndipo pali thanki yosungira mpweya, mavavu ougawa, ndi masensa ouza kompyuta kutalika kwa ngodya iliyonse. Zonse zikamayenda bwino, chigalimoto cha matani awiri ndi theka chimadzikweza pamsewu wa mabampu, chimadzitsitsa kuti agogo akwere, ndipo makumba amangomveka patali. Koma mphira ndi mphira. Pamene thumba limapindikira pamayamba timing'alu, fumbi lathu limalowamo n'kumapala pang'onopang'ono, ndipo usiku wina mpweya umatuluka mwakachetechete. Kukacha, galimoto ija imene dzulo inkaimitsa anthu mitu yagwada ngati mtengwa pamaso pa apongozi, mphuno pansi, tayala litabisala m'thupi, pamaso pa antchito ndi ana opita kusukulu. Ndi galimoto iti ina ya mtengo wotere imene inaphunzira ulemu chonchi?

Chilungamo chake chimaoneka pa kalipiritsidwe. Poyamba imangopempha thumba limodzi, kapena awiri poti anzeru amasintha mbali zonse. Makaniko amathira madzi a sopo pamphirapo, thovu likatukusira pamng'alu mlandu wapezeka, ndipo bilu ikadali yopirira. Koma mwiniwake akanena kuti idzuka yokha ndikailiza, monga ambiri amanenera, chindapusa chimayamba kuwerengedwa. Kompulesa imene inapangidwa kuti izipopa kwakanthawi n'kupuma imayamba kugwira ntchito yodzaza thumba lobooka, imatentha, ndipo mphete ya pisitoni yake imadyeka. Timiyala ta pakompulesapo toyamwa chinyezi timakhuta, madzi n'kulowa m'mavavu. Mapeto ake kompyuta imalemba uthenga pa dashibodi, galimoto yonse n'kukhala pansi pa timphira tomalizira, ndipo ulendo wa kugalaja umayendedwa pang'onopang'ono, mwini wake akudumphadumpha pampando wachikopa uja, makabaza akumupitirira. Wolipira msanga amalipira pang'ono, wozengereza amagula thumba, kompulesa ndi mavavu pamodzi. Palibe ofesi ya msonkho imene inakonzapo zilango zake mwadongosolo chotere.

Nthambi yachiwiri ya ofesiyi ndi propshaft, chitsulo chotenga mphamvu kuchoka ku giyabokosi kupita ku madifu. L322 inakonzedwa nthawi imene Land Rover inali m'manja mwa BMW, imene inagula kampaniyi mu 1994 n'kuigulitsa kwa Ford mu 2000, ndipo galimoto zoyambirira, za 2002 mpaka 2005, zinatuluka ndi injini za BMW. Difu yake yakutsogolo inamangiriridwa kumimba kwa injini, ndipo propshaft imalowa m'difumo pogwiritsa ntchito timano tachitsulo tolumana. Zitsulo ziwirizo zikapanda kuyang'anana ndendende, timanoto timadyana pa kilomita iliyonse mpaka tsiku limene timasalala. Pamenepo pamamveka kukukuta koopsa, injini ikulira bwinobwino, giya ili m'malo, koma galimoto osasuntha, chifukwa difu yapakati imathamangitsira mphamvu yonse kumene kulibe chogwira. Galimoto yopangidwira kukwera mapiri imagonja pa raundabauti, pa phula losalala, chifukwa cha timano tochepa kuposa chala.

Apa wina anganene kuti nthabwala yapitirira, pakuti timano timeneti tikatha ngakhale giya ya P sigwiranso galimoto, ndipo pamtsetse ingathe kutsetsereka ngati handibuleki sanakoke. Izi n'zoopsa ndithu, ndipo kampani ya Land Rover inaitanitsa galimotozi kuti iziikemo propshaft ina yokhala ndi mfundo yotha kupindika. Koma taonani amene vutoli limamugwera lero, patapita zaka zonsezi: ndi uja anagula atayang'ana chikopa, wailesi ndi utoto, osalola kudetsa shati pogwada kuti aone ngati chitsulocho chinasinthidwa. Yemweyo ndi amene samva kugunda kwa beringi yapakati ya propshaft yakumbuyo, saona girizi atamwazika pamene mphira wa CV unang'ambika, chifukwa magalasi ndi otseka ndipo nyimbo zili pamwamba. Galimotoyi imangofuna kuti mwini wake agwadeko kamodzi. Akakana, imagwada ndi iyo.

Otsutsa ambiri amaloza Land Cruiser ndi Hilux, amati izo ndiye galimoto, zimayenda zaka osadandaula. Inde, ndipo kumeneko ndiko kuumira kwake. Hilux imadyetsa mwini wake ndi malo omwetsera mafuta basi. Range Rover yokalamba imadyetsa mudzi. Amadyapo makaniko wa ku Biwi kapena ku Ndirande, mnyamata wake wopatsira masipanala, mwini bulekidauni, katswiri woyenda ndi kakompyuta kofufutira zolakwa, wogulitsa masipeya, wowotcherera, ndi mayi wophika nsima kuseri kwa galaja, amene amadziwa kuti galimoto yakwera pamiyala ndiye kuti makasitomala alipo mpaka mwezi utha. Imaphunzitsanso. Mnyamata amene wakulira pa Corolla amadziwa kusintha oyilo ndi mabuleki, koma amene walimbana ndi L322 amatulukapo akudziwa magetsi, mpweya, kompyuta ndi kuleza mtima, popanda kulipira fizi. Fiziyo amalipira ndi bwana, ndipo wokwatira kwa mphenzi saopa kung'anima.

Chitsutso cholemera kwambiri ndi cha ndalama zakunja. Matumba a mpweya ndi makompulesa sapangidwa kuno. Amachokera ku Johannesburg, ku Dubai kapena ku Britain, ndipo kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse cha izi chinakwera nthawi yomweyo. Kodi pamenepa galimotoyi sikukhetsa madola a dziko? Kuwerengera kumeneku kwaiwala mbali imodzi. Petulo nayenso amagulidwa ndi madola, ndipo injini ya V8 ya malita 4.4 yokoka matani awiri ndi theka simwa mwamanyazi. Tsiku lililonse limene yakhala pamiyala kudikira katundu wapanjira ndi tsiku limene sinamwe dontho, sinaime pamzere wa mafuta, sinatulutse utsi, sinawopseze woyenda pansi. Mwini wake amakwera minibasi n'kumva zimene anthu akukambirana, chinthu chimene nduna zambiri zikanapindula nacho. Range Rover yoyenda ndiyo ingatchedwe mdani wa chuma. Yokalamba imadziletsa yokha kwa miyezi ingapo pachaka, popanda lamulo la boma.

Atsala ndi ochenjera, amene amachotsa matumba onse n'kuikamo masipuling'i achitsulo, n'kulumikiza kabokosi konamiza kompyuta kuti mpweya ukadalipo. Uku ndi kuzemba msonkho poyera, ndipo n'zoona kuti galimotoyo sigwadanso. Koma sidzikwezanso pa matope, sidziwongola ikasenza katundu, ndipo kufewa kuja kumene munthu anaperekera ndalama zake kumapita, n'kutsala ndi galimoto wamba yakumwa mafuta mwaufumu. Komanso wozembayo asafulumire kusangalala, chifukwa wokhometsayu ali ndi mawindo ena olipirirapo. Za dizilo zoyambirira zija, za Td6, zinapatsidwa giyabokosi ya General Motors ya magiya asanu imene mphamvu ya injiniyo imailemera, ndipo oyilo wake eni galimoto ankauzidwa kuti safunika kusintha. Ambiri mwa amene anaziyendetsa kale kunjako anamvera malangizowo mokhulupirika kwa zaka zonse, kenako anazikweza sitima.