Mbalame Yosadyedwa Ndiyo Imalipira

Pali anthu amene amalawirira tambala asanalire kupita ku Liwonde kapena paphiri la Zomba kukayang'ana mbalame, n'kubwerako madzulo chimanjamanja koma akumwetulira. Ife amene tinakula legeni ili m'khosi timawaseka. Koma ine ndikuti oyenera kusekedwa ndife, ndipo ndikuyankhula ngati kadaulo, poti maphunziro anga a mbalame ali ndi mitu iwiri: zodyera nsima ndi zoopsa kudya. Malawi ali ndi mitundu ya mbalame yoposa 600. Ine ndimadziwa njiwa, pumbwa, mpheta, nkhwali, komanso nkhwazi chifukwa ili pa chizindikiro cha boma. Zotsalazo dzina lake ndi limodzi, kambalame. Akuluakulu anati mbalame ikatera pa uta silasika, koma ife ngakhale kuifunsa dzina sitiifunsa.

Tiyeni tiwerengere ngati amalonda. Kuli kambalame kotchedwa Thyolo alethe, kofiirira kumsana, koyera kumimba, komwe kamapezeka m'nkhalango zowerengeka za m'mapiri a kum'mwera kwa Malawi ndi kumpoto kwa Mozambique basi. Kenanso, yellow-throated apalis, dziko lonse lapansi simungakapeze kwina koma m'mapiri athu a kum'mwera, monga Zomba ndi Mulanje. Kuti muwotche timeneti, mbamu ziwiri za nsima ndiwo zatha, ana akungokuyang'anani. Pomwe mlendo wochokera ku London amalipira ndege, chipinda chogona, chakudya ndi womulondolera m'nkhalango, ndipo akakaona kambalameko amalemba dzina m'kabuku n'kukasiya pompo. Mawa wolondolera yemweyo akagulitsanso kambalame komweko kwa mlendo wina, mkuja kwa winanso. Ndi malonda ati ena amene wogula amalipira n'kukusiyira katundu? Anthu a nzeru ngati zanga timadya mpamba tsiku loyamba, kenaka timvekere Mulungu watikumbukira.

Wina anena kuti ndi misala kuyenda tsiku lathunthu khosi lili chagada, udzudzu ukukudya, mwinanso osaiona n'komwe mbalameyo. Zoona, nthawi zina amangomva kulira kwake m'masamba. Koma wonena izi ndi yemwe uja amalipira pachipata, kukhala padzuwa mphindi 90, mpira n'kutha wopanda chigoli, sabata yamawa n'kubwereranso. Woyang'ana mbalame pobwerera kwawo saswa galasi la minibasi ya munthu. Wina adandaula kuti alendowa ku Liwonde amasakasaka kadzidzi wamkulu wodya nsomba m'mitengo ya m'mbali mwa Shire, mbalame imene ikalira padenga ife timagona nyali ili chiyakire. Apa ndingoti kadzidzi wokopa ndalama zakunja wayesetsa kuposa ambiri a ife.

Chotsutsa cholemera ndi njala, ndipo pamenepa nthabwala ithe kaye. Nyanja ya Chilwa inalowa m'ndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse mu 1996, koma madzi akaphwera, nsomba zikasowa, anthu a m'mbali mwake amatchera mbalame zam'madzi kuti adye ndi kugulitsa. Munthu wotere simungamuuze za kabuku ka mlendo, makamaka ngati ndalama ya mlendoyo ikuthera kuhotela osafika m'mudzi. Komabe mbalame zosowa za m'mapiri sizikutha chifukwa cha ulimbo kapena msampha. Ikuzimaliza ndi nkhwangwa. Nkhalango ya paphiri la Thyolo inadulidwa pafupifupi yonse, moti alethe uja kwawo kwenikweni watsala ndi dzina ndi timitengo towerengeka. M'mapiri ena mitengo ikutsika m'matumba, panjinga, kulunjika m'tauni. Ogula ake ndi ife ovala mataye, amene magetsi akangothima timathamangira mbaula, kwinaku tikunenerera thumba la makala ndi kudzudzula anthu akumudzi kuti sakonda chilengedwe.