Kachitseko ka Thanki ndi Zigubu za Amalume

Johannesburg

Okondedwa Amalume,

Ndikhulupirira nonse muli bwino ku Zengeza kumeneko. Kuno tikupuma, kungoti chisanu cha ku Joni sichiona kuti munthu wavala majekete angati.

Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndaumva, ngakhale theka lake anali mawu a mayi akunyumba akukukumbutsani zoti munene. Mwati Corolla yathu ija yakana kumwa mafuta. Munafika pa filing'i ku Makoni madola ali m'manja, n'kukoka kachitsulo ka m'mbali mwa mpando, koma kachitseko ka thanki kali phee. Mnyamata wa papampu kudikira, anyamata a matakisi a mushikashika kumbuyo kuliza mahutala, inu n'kubwerera kunyumba muvi uli pa E. Ndiye mwati nditumize ndalama ya thanki yatsopano, komanso mukuganizira neba uja amene sayankha moni.

Amalume, thankiyo ilibe mlandu, nebanso musiyeni. Kachitsulo mumakokako kamangidwa ku waya wonga wa buleki ya njinga. Wayayo amadutsa pansi pa kapeti mpaka kumbuyo, kumene amakoka kamsomali kotsekera kachitseko, kasipuling'i n'kukakankhira kunja. Nkhani yonse ndi imeneyi. Dzimbiri likagwira polumikizira kachitsulo kapena m'kati mwa waya, mungakoke mpaka thukuta kamukamu, kumbuyo sikumveka kanthu.

Nanga dzimbirilo lachokera kuti? Musandiyankhe, mphwanga wandiuza kale. Ndikudziwa kuti mipopi ya ku Chitungwiza imatha masabata ikungotulutsa mphepo, ndipo sindikukudzudzulani kuti mumakatunga ku mjigo. Koma galimoto imene inaoloka nyanja kuchoka ku Japan, n'kutsika ku Durban, n'kupirira mzere wa pa Beitbridge, inu mwaisandutsa ngolo ya zigubu zopanda zotsekera! Bampu iliyonse ya m'misewu ya ku St Mary's imamwetsa kapeti, ndipo kapeti yonyowa siuma msanga. Akutinso mumatengako zigubu za anthu a kutchalitchi pa mtengo wogwirizana. Za ndalama imeneyo uthenga wanu sunanene kanthu.

Chitani izi. Muitane mphwanga. Inu mukhale pampando muzikoka kachitsulo, iye azidina ndi kugogoda kachitseko ndi chikhatho, pang'onopang'ono, osati mmene amagogodera pakhomo akachedwa kumowa. Kakakanabe, alowetse khadi lakale la kubanki m'mphepete mwake inu mukukokabe. Sikuludiraiva ayi, mpeni wa kukhitchini ayi, chifukwa penti ikakandika dzimbiri limapeza khomo lina. Zikavuta, tsegulani buti, musendeze chinsalu cha m'mbali ya kumanzere, mupeza mapeto a waya uja, ndipo mukhoza kukoka kamsomaliko ndi zala.

Mukamwetsa mafuta musati zatha. Tukulani kapeti pafupi ndi mpando, mumasule kachitsulo, mukapale ndi burashi ya waya mpaka chitsulo chioneke. Mupopere Q20 polumikizira ndi pakamwa pa waya, mudikire alowe, kenako mukoke n'kusiya, kukoka n'kusiya, mpaka kafewe. Pomaliza pakani girizi pang'ono, ndi pa kamsomali kakumbuyo komwe. Mafuta ophikira asayandikire pamenepo: amamata fumbi, ndipo mayi akunyumba amadziwa pamene botolo lawo linalekezera. Waya akakhala kuti waduka, amakaniko a ku Chikwanha akupezerani wa galimoto yakufa, ndipo mtengo wake sufika n'komwe pa wa thanki. Fodya wanu uja muzimitse kaye musanayambe zonsezi, chonde.

Mwanenanso kuti agogo anayenda wapansi kuchoka ku Dedza kudzera ku Tete mpaka ku Salisbury osadandaula za petulo. Zoona. Koma paukwati wa mwezi wa mawa simunauze anthu kuti mudzawanyamula pamsana.

Chitini cha Q20 ndapatsira malayitsha amene anyamuke Lachisanu, pamodzi ndi shuga, sopo ndi zotsekera zigubu. Chitinicho ndi cha galimoto, si mankhwala a mawondo, ngakhale wina akuuzeni kuti amathandiza. Kapeti muiyanike padzuwa tsiku lonse, koma nkhuku zisaione.

Moni kwa mayi akunyumba ndi ana onse. Ndalama ya thanki ndaisunga, ndidzabwera nayo pa Khirisimasi kuti ndidzaione ndekha thanki yodwalayo.

Ine mwana wa mlongo wanu.